Batani la Alamu

Achimwene anga amadzuka kusanache bwino. Ndikamadutsa pakhomo pawo kupita ku mapemphero a m'mawa, ndimapeza atatsegula kale zenera la kashopu kawo, atakhala pampando wopanda chotsamira, mswachi wakale uli m'manja. Amatsitsa makina amodziamodzi pashelefu, kuwachotsa fumbi m'timing'alu, n'kuwabwezera pomwe anali. Ndikapereka moni amayankha osadzutsa mutu.

Anthu amawatchula kuti a Mawaya. Anayamba ndi kukonza mawailesi, kenako ma TV. Zinthu zimenezi zitayamba kutayidwa m'malo mokonzedwa, anatsala ndi makina akale a magemu, aja olumikiza ku TV n'kulowetsa kaseti pamwamba. Ine ndinkati ntchito yawathera. Koma ana amene ankasewera magemuwo anakula, ena mpaka kumera imvi, ndipo anayamba kusakasaka makina a ubwana wawo kuti aziwasunga. Asanagule kapena akangogula, amabwera nawo kwa achimwene kuti amve ngati ali enieni.

Achimwene sayamba ndi nkhope ya makina. Amawagoneka chagada. Amayang'ana masikuluu ngati analumidwapo ndi chitsulo, amakanda sitika ndi chikhadabo, nthawi zina amanunkhiza.

Tsiku lina ndili pomwepo kunabwera mnzawo wogulitsa matayala, atafukata makina owala ngati mbale yatsopano.

"A Mawaya, taonani mkwatibwi! Alibe ndi kachipsera komwe."

Achimwene anawatembenuza, n'kuwabweza.

"Mkwatibwi wanuyu wavala diresi yobwereka. Chigobachi n'chadzana, mabataniwa n'ngadzulo. Chakale chatsala ndi dzina lokha."

"Aa! Nanga anu achikasu ngati mano a fodyawo ndiye abwino?"

"Amenewo sananamizepo munthu."

Anaseka onse, wamatayala akupukusa mutu.

Makina achikasu amene ankanenawo anali pashelefu yapamwamba, ndipo sanali ogulitsa. Anali a malemu alamu anga, akazi awo a achimwene. Alamu anali telala. Akatopa ndi kusoka ankakhala pansi, miyendo atatambasula, n'kumasewera gemu imodzi yokha, ya timabokosi togwa kuchokera kumwamba. Chala chawo chachikulu chinali cholimba chifukwa cha singano, moti batani limodzi la padi, kogwirira m'manja kaja, linaperepeseka mpaka kulowa m'kati ngati kasupuni. Pakona ya makinawo panalinso banga labulawuni pomwe anatsamiritsapo simbi yotentha poyiwala. Alamu atatisiya, achimwene ankapukuta makinawo ngati ena onse, koma pomaliza ankaika chala chawo m'kadzenje ka batani lija kanthawi pang'ono. Sindinawafunsepo. Ine ndili ndi chipewa cha malemu amuna anga chimene sindinachichape.

Chaka chatha achimwene anachitidwa opaleshoni ya ng'ala. Anadzachilira kwanga, diso lili lomata, ndipo makiyi a shopu anasiyira mwana wawo wamkazi. Timamutchula kuti Kachipeso, chifukwa ali wamng'ono ankayenda ndi chipeso n'kumavutitsa mitu ya alendo. Lero ali ndi saluni yake.

Kachipeso anaona pafoni mmene anthu amayeretsera pulasitiki yachikasu: kuipaka mankhwala oyeretsera tsitsi, kuikulunga, n'kuiyanika padzuwa. Mankhwalawo anali nawo kale kusaluni. Mwanayo anangofuna kuti bambo ake akadzatsegula maso, chinthu choyamba kuona chidzakhale chokongola. Anatsitsa makina a mayi ake, anamasula chigoba, anapaka, anayanika. Banga la simbi analipala ndi sandipepa. Mabatani otha aja anachotsa n'kuika atsopano amene anawapeza m'dilowa, akalewo n'kutaya m'bini. Galimoto ya zinyalala inadutsa mawa lake.

Ine sindinadziwe kanthu mpaka tsiku lomwe tinabwerera kushopu ndi achimwene. Tinapeza chinthu pathebulo chitavundikiridwa ndi nsalu, Kachipeso ataima pambali pake, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Adadi, maso atsopano, makinanso atsopano!"

Anavundukula. Makinawo anali oyera mbee.

Achimwene ndimawadziwa, pa makina sanyengerera munthu. Chamumtima ndinangoti, Ambuye, agwireni lilime.

Anayandikira pang'onopang'ono. Mwachizolowezi anawagoneka chagada, n'kuona masikuluu olumidwa. Anapapasa pakona pomwe panali banga. Kenako ananyamula padi n'kuika chala pabatani. Chalacho chinatsetsereka, chinabwerera, chinatsetserekanso.

"Mwakonda, Adadi?"

Anapitiriza kusisita batanilo mpaka mwanayo kumwetulira kunayamba kumuthawa.

"Wamasula wekha?"

"Ndekha. Ndimaopa kuti ndithyola."

"Sunathyole kanthu," anatero achimwene. "Timano ta chigobachi timathyoka ngakhale kwa ine. Manja akowa ndi a mayi ako."

"Mwamva, Azakhali? A Mawaya ayamikira munthu! Mukachitire umboni kutchalitchi."

Kachipeso atalowa kukatereka madzi, ndinanong'ona.

"Achimwene, simumuuza?"

"Ndimuuze kuti chiyani, Chemwali? Kuti wafufuta mayi ake? Mwana angasenze zimenezo?"

Diso lochitidwa opaleshoni lija linkatuluka misozi. Anati ndi mankhwala a adokotala, ine ndinavomera.

Wamatayala uja atabweranso anaona makinawo pashelefu, n'kuwomba m'manja.

"Ee, a Mawaya, mwatembenuka mtima! Mkwatibwi wanunso wadzola?"

"Wadzozedwa ndi mwana wake," anayankha achimwene, n'kuyamba nkhani ina.

Ntchito akugwirabe monga kale, ndipo amene wabwera ndi chigoba chobwereka amamuuza mosabisa. Koma Kachipeso achimwene sanamuuze kanthu, inenso ndinatseka pakamwa. Chimene anachita n'chakuti anatsitsa makinawo pashelefu yapamwamba n'kuwalumikiza ku TV yaing'ono yapakona, kaseti ya timabokosi ili m'kati. Pansi anayalapo kapeti.

Masana ena Kachipeso anadutsira kushopu kudzasiya mankhwala a m'maso. Anali wothamanga, kasitomala atamusiya mutu uli theka. Ali pakhomo foni yake inalira. Achimwene ananyamula padi n'kumulozera.

"Kachipeso, ukamaweruka uzidzasewerako. Batanili n'louma, likufuna chala cha munthu."

Iye anali ataika kale foni kukhutu. Anawabayibitsa ndi dzanja, n'kuwoloka msewu.