Foni yanga yasamukira ku Amereka

Moni nonse. Musandiuze zougwira mtima, ndapsa kale.

Dzulo alamu a Fanuel, amene akucheza kwathu sabata ino, anabwereka foni yanga, ati aone zampira. Lero ndimati ndiikenso apu ya banki kuti ndigule feteleza, foni ikuti apu imeneyi sipezeka m'dziko lanu. Dziko liti? Ine ndili pa Domasi pompano!

Okonza mafoni pa Naisi andiuza kuti wina wasintha dziko pa akaunti yanga, tsopano ndine wa ku Amereka. Nditawapanikiza alamu, avomera. Ati pali gemu ya akuluakulu yomwe kuno inatsekedwa, ndiye anasamutsa foni kuti aitsitse. Ndaitsegula gemuyo. Anthu akudulana mitu, magazi sikirini yonse. Bambo wa ana atatu, ndevu zaimvi!

Chondiwawa kwambiri, okonza mafoni aja akuti dzikolo silisinthikanso mpaka chaka chithe. Ine sindinawolokepo ngakhale boda ya Mwanza, ndipo mvula ili pafupi.

Alamuwo akungoti, "Pepani alamu, komatu gemu yake ndi yokoma."

Abale, ndichite nawo chiyani? Achemwali, amuna anuwa mudzawatenga nokha, kapena ndiwakweze minibasi ine?