Podikira Guluu Kuti Aume

Mumsewu umenewo ankamutchula kuti Chidendene, chifukwa ukamamupatsa moni iye maso amakhala ali kumapazi kwako. Anali wokonza nsapato. Kashopu kake kanapanikizika pakati pa telala ndi wometa, kopapatiza moti kasitomala wonenepa ankangoima panja. M'katimo munali benchi, chitsulo chokhomerapo nsapato, nyundo ziwiri ndi chitini cha guluu. Kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi khomo lake lenilenilo, kunali bala.

Ntchito yomata soli ili ndi lamulo limodzi. Ukapaka guluu mbali zonse ziwiri sumata pomwepo ayi, umadikira kuti ayambe waumako. Ukapupuluma, soli imayasama sabata isanathe. Ena amayang'ana wotchi. Chidendene wotchi yake inali ndudu: akapaka guluu ankayatsa imodzi, ikayamba kutentha zala ankamata n'kukhoma. Anatero zaka makumi atatu, ngakhale wometa ankamuuza kuti tsiku lina adzaphulika limodzi ndi chitini chakecho.

Kale nduduyo ankakaisutira kubala, nsapato zili yasa pabenchi. Zoti anali chidakwa sitibisa. Tsiku lina ataledzera anaswa galasi la zenera la chipinda chawo, m'mawa mwake n'kukhomapo thabwa, mkazi wake n'kunyamula sutikesi kupita kwa mchemwali wake. Chidendene analowa gulu la osiya mowa lomwe linkakumana Lachinayi. Pakhomo la holo yawo utsi unkangoti tolotolo, aliyense ndudu ili kukamwa.

"Nkhondo ziwiri samenyera pamodzi," anatero mkulu wa gululo. "Gwetsani kaye botolo, fodya mudzamuona."

Botolo linagwadi. Mkazi wake anabwerera, ndipo panapita zaka zinayi mowa osaulawa. Koma chibaba cha mowa chikamugwira ankachiphimba ndi utsi, kushopu ndi kunyumba komwe, m'chipinda chija cha zenera la thabwa. Thabwalo sanalichotse. Ankati adzagula galasi, ndipo mawu akuti ndidzagula tonse timawadziwa.

Mkazi wake anayamba kutsokomola. Kenako zitepe zitatu za pakhomo zinasanduka phiri. Kuchipatala dokotala anayang'ana chithunzi cha m'chifuwa nthawi yaitali.

"Mayi, mumasuta ndudu zingati patsiku?"

Mayiyo anaseka mpaka kuseka kunasanduka chifuwa. "Ine? Chibadwire sindinaiyikepo kukamwa."

Dokotala anatembenuka n'kuyang'ana zala za Chidendene, ziwiri zija zachikasu. Sanamukalipire. Bola akanamukalipira.

"Mapapo awa sabwereranso mwakale," anatero. "Chomwe tingathe n'kuchedwetsa basi. Utsi asaupumenso, ngakhale wa m'zovala zanu."

Tsiku lomwelo Chidendene anazula thabwa lija ndi nyundo, paketi ya ndudu n'kuiponya m'ngalande. Kutaya paketi ndi ntchito ya mphindi imodzi, aliyense angathe. Mavuto anamudikira pabenchi m'mawa mwake. Anapaka guluu, dzanja linapita lokha m'thumba la malaya, osapezamo kanthu. Anakhala manja ali lende, khomo la bala likumuyang'ana. Sankadziwa kuti guluu amachedwa chonchi kuuma. Anayamba kumata msanga kuti manja asakhale chabe, ndipo nsapato zinayamba kubwerera zitayasama, eni ake akutukwana.

Tsiku lachisanu ndi chinayi anangozindikira ali pakati pa msewu, nsapato ya mwini ili m'manja, minibasi ikumuimbira hutala. Miyendo inkadziwa kumene ikupita.

"A Chidendene!" anakuwa wometa. "Kasitomala wa nsapatoyo ali kutsidyako kodi?"

Anabwerera, natseka shopu dzuwa lili pamutu. Kunyumba anapeza mkazi wake atatsamira mapilo, ndipo analankhula mawu oipa kwambiri amene anawalankhulapo ali wosaledzera.

"Mayi, ndikapanda kusuta ndimwa. Sankhani nokha."

Mkaziyo anamuyang'ana, napuma kaye kuti apeze mpweya.

"Ndisankhe ine? Zonse ziwirizo ndazilawa kale, bambo. Mowa wanu unandithamangitsa, fodya wanu ndi uyu ali m'chifuwamu. Tandiuzani, chavuta n'chiyani kwenikweni?"

"Guluu," anatero Chidendene, manyazi atamugwira. "Podikira paja."

M'mawa mkazi wake anamutsatira kushopu, akuima pamtengo uliwonse wa magetsi. Fungo la guluu silikanamulola kulowa, choncho anakhazika mpando panja, pakhomo penipeni, msana wake n'kutchinga bala.

"Pakani guluu wanuyo," anatero. "Ndikamaliza mumate."

Anayamba nyimbo ya kutchalitchi ya ndime zinayi. Kuimba sankatha, kwaya inamukana kalekale, ndipo telala anatulutsa mutu kufunsa ngati wina waponda mphaka. Koma ndime yachinayi itatha Chidendene anakhudza guluu ndi chala, napeza kuti wafika pake. Anamata, nakhoma. Soli imeneyo sinabwerere.

Anakhala choncho miyezi khumi ndi umodzi. Chibaba sichinathe, chinkangobwera n'kupeza khomo lili ndi mlonda. Koma nyimbo ija inayamba kukhala ndi mipata. Mayiyo ankaima pakati pa mzere kusaka mpweya, ndiye guluu ankauma ndime yachitatu ikungotha. Kenako ankauma pa yachiwiri. Chidendene ankawerenga ndimezo mutu uli pansi, ndipo mkazi wake ankadziwa kuti akuwerenga. Pamapeto ndime imodzi yokha inkakwanira nthawi yonse ya guluu, mawu awiri, kupuma, mawu atatu, chifuwa.

Mayiyo anamwalira Lachiwiri m'mawa, m'nyengo yozizira, pafupi ndi zenera lomwe tsopano linali ndi galasi.

Pamaliro anzake akale a kubala anabwera, anthu achifundo m'njira yawo. Wina anamukokera pambali n'kumuonetsa kabotolo m'jekete, wina anamutambasulira ndudu. "Lero lokha, achimwene. Amene mumawasiyira aja apita." Chidendene anapisa manja onse awiri m'matumba n'kuwafumbata mpaka zikhadabo zinalowa m'khungu.

Patatha sabata anatsegula shopu. Mpando uja sanautulutse. Anapaka guluu pa nsapato ya mwana wasukulu, naikhazika pabenchi, ndipo khomo la bala linaonekanso lonse, lotsegula. Anakhala kanthawi akuliyang'ana. Kenako anayamba kuimba, ndi mawu ake okhakhala aja, ndime yoyamba. Ankaima pomwe mkazi wake ankaima, n'kudikira monga ankadikira iye, mawu awiri, chete, mawu atatu. Itatha anakhudza guluu, namata, nakhoma.

Mpaka lero amatero, kangapo patsiku. Sanamwe, sanasute, ndipo musayerekeze kumuyamikira chifukwa amapsa mtima. Odutsa amaganiza kuti mkuluyu amaiwala mawu. Telala, amene waimva nyimboyo mpaka kutopa nayo, tsiku lina analephera kupirira.

"A Chidendene, nyimbo imeneyi ili ndi ndime zinayi. Bwanji mumangoimba imodzi?"

Chidendene sanadzutse mutu. Anatenga nyundo n'kuika nsapato pachitsulo.

"Zitatuzo ndinazisuta," anatero.