Dothi Limene Anachotsa pa Bwalo

Ndinachoka ku Ntcheu amayi akukana. Ndinawauza kuti ndi zaka ziwiri zokha, ndikaphunzire n'kubwerako. Zaka ziwirizo zinaberekana, digiri ndinaisunga m'sutikesi, ndipo ndinapezeka ndili ku Hull, ku Mangalande, ndikusambitsa nkhalamba za eni.

Mmodzi mwa nkhalambazo anali bambo Harold, miyendo yofa koma pakamwa pamoyo. Mtima wawo wonse unali pa timu ya ragibi ya m'dera lathulo. Januwale wa chaka chimenecho timuyo inali pa masewero okonzekera ligi, ndipo inkangokwapulidwa ngakhale ndi timatimu tosadziwika. M'basi anthu ankatukwana kochi, ena ankati osewera anenepa ndi Khirisimasi.

Lamulungu lina ndinawakankha pa njinga yawo ya olumala mpaka kubwalo. Kunali nkhungu, moti mbali ina ya bwalo sinkaoneka. Osewera ankalowa m'nkhungumo, ife n'kumangomva matupi akugundana. Adani atagoletsa kachitatu anthu anayamba kukuwiza, koma bambo Harold maso awo anali pa udzu.

"Si kochi ayi," anatero. "Anasintha udzu. Dothi lakale analinyamula pa malole."

Ndinafunsa kuti nanga dothi lili ndi chiyani.

"Bambo anga anali m'menemo. Mkazi wanganso. Mitembo yawo itatenthedwa, phulusa lawo tinaliwaza kuseri kwa golo uyo. Pano sindikudziwa kumene anakawataya. Timu ingawine bwanji pa bwalo lopanda eni ake?"

Kunena zoona ndinafuna kuseka. Azungu omwewa, amene amatinena ife kuti timaopa mizimu. Koma pochoka, bambo Harold atakweza dzanja kubayibitsa kuseri kwa golo kuja, kopanda munthu, kuseka kuja kunandithera. Amayi anga anali atamwalira chaka chapitacho. Ndinatumiza ya bokosi, maliro ndinawaonera pa zithunzi za pafoni, nditakhala m'chipinda chosinthira zovala kuntchito. Ndinali ndisanalire, ndipo anzanga akuntchito sankadziwa n'komwe.

Ndinapita kwathu mvula itasiya, kuti ndikamange chiliza. Titapempha chilolezo tinalowa kumanda m'mawa, ine, malume ndi achemwali anga aakulu. Timitanda tathabwa chiswe chinali chitamaliza, mitumbira itaphwa ndi mvula, yonse yofanana. Malume analoza pafupi ndi mtengo wa msuku. Achemwali anapukusa mutu n'kuloza mtumbira wina chapambali.

Anakangana monong'ona, ngati akuopa kudzutsa munthu. Ine ndinapsa mtima. Ndinafunsa kuti anthu akuluakulu, amene analipo tsikulo, angaiwale bwanji pamene anaika mayi wawo ndi mlongo wawo.

Achemwali ananditembenukira.

"Achimwene, tsiku lija ife sitinkayang'ana pansi," anatero. "Tinkayang'ana kumsewu. Tinkati mwina mutulukira."

Ndinagwada pakati pa mitumbira iwiriyo, osadziwa koyang'ana, ndipo ndi pamene ndinalira.