Alamu Anga ndi Mwezi wa Novembala

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, amakonza makina a fotokope. M'maofesi amene amayendamo amangowatchula kuti a Makina, ndipo palibe amene anavutikapo kufunsa dzina lawo lenileni. Amafika ndi kachikwama ka zitsulo, amagwada pansi, amasolola pepala limene lakanirira m'kati, n'kudzuka manja ali bii ndi inki. Ntchito yawo ndi imeneyo kuyambira ali mnyamata.

Loweruka masana amasanduka munthu wina. Amakhala pakompyuta yakale imene inalanda theka la tebulo lodyera, n'kumapanga zithunzi pogwiritsa ntchito masamu. Zithunzizo n'zachilendo. Ukatenga kachidutswa kakang'ono n'kukakuza, umapeza chithunzi chonse chija chili momwemo, ndipo m'kati mwakemo mulinso china chofanana nacho, mpaka maso kuchita kuwawa. Iwo amati kumeneku ndiye kukongola kopanda malire. Mng'ono wanga amati n'chimodzimodzi ndi nkhani za amuna akewo: ungayambire paliponse, umva zomwezo.

Zaka ziwiri zapitazo kampani ina ya inshuwalansi inalengeza kuti ikufuna zithunzi zoika pakalendala yake, imene imagawidwa ulele m'maofesi. Alamu anatumiza chithunzi chobiriwira, chopotanapotana ngati chigoba cha nkhono. Za mphoto analibe nazo ntchito. Ankafuna kuti anthu amene kwa zaka zonsezi akhala akuona msana wawo wokha ali chogwada, tsiku lina akweze maso n'kuona ntchito ya manja awo pakhoma.

Ndipo ankafuna mwezi wa Januwale, osati wina uliwonse.

"Alamu, mwezi ndi mwezi basi," ndinawauza.

"Inu alamu, sukulu inakuwonongani," anandiyankha. "Ine m'maofesi ndimalowamo tsiku ndi tsiku. Kalendala imapachikidwa pa Januwale, ndipo imafera pa Januwale pomwepo. Mukaona yafika pa Febuluwale, dziwani kuti mwabwera wantchito watsopano amene sanazolowere."

Lolemba lake ndinayang'ana pakhoma la kuntchito kwathu. Sindinawatsutsenso.

Komiti ya kampaniyo inakhala pansi n'kugamula. Januwale inam'patsa chithunzi cha nyumba yatsopano ya kampani, galimoto ya bwana wamkulu itaima bwinobwino pakhomo. Chithunzi cha alamu chinasankhidwa ndithu, koma anachiika pa Novembala. Atamva uthengawo pafoni anathokoza mwaulemu, kenako anadzigwetsa pampando ngati auzidwa za maliro.

"Bambo, anzanu akasankhidwa amasangalala," anatero mng'ono wanga.

"Mayi, Novembala ndi kumanda. Ndani angafike kumeneko? Ngakhale atafikako, kalendala zatsopano zimabwera mwezi womwewo, ndipo msomali ndi umodzi womwe uja."

Apa ndi pamene alamu anayamba ntchito yachiwiri imene palibe anawatuma. Wokonza makina akamaliza, mlembi wa muofesi amatuluka kukafuna bwana kuti asayine kuti ntchito yagwirika, ndipo bwana sapezeka msanga. Pa kanthawi kameneko alamu ankapukuta manja, n'kufika pakhoma, n'kutembenuza masamba onse mpaka pa Novembala. Anayamba mu Malichi. Pofika pakati pa chaka, ofesi ya maloya, sukulu ziwiri, chipatala cha mano ndi malo ena ambiri anali mu Novembala.

Munthu woganiza bwino angayembekezere chisokonezo. Sichinachitike. Aliyense ankaona deti pafoni. Amene anavutika anali mkulu wina yekha wosunga mafayilo, amene anakapempha tchuthi cha kumapeto kwa chaka mu Juni, ndipo bwana wake anasayina.

Koma alamu sanakhutire, chifukwa chithunzi chinali poyera, woyang'ana n'kusowa. Ankaima pansi pake n'kumapinda chingwe cha makina pang'onopang'ono. Ankatsokomola. Kamodzi anafika pofunsa kuti, "Kodi lero n'pachingati?" ndipo anthu atatu anatulutsa mafoni nthawi imodzi.

Tsiku lina kuofesi ya maloya kuja mlembi anawaitana.

"A Makina, tabwerani kuno. Ichi n'chiyani?"

Anali akuloza kalendala. Alamu anasiya zitsulo n'kusendera pafupi.

"Mwachiona, mayi?"

"Ndinachiona kalekale, chimandichititsa chizungulire. Ndimati ndikufunseni inu odziwa. Makina akamatulutsa zopotanapotana chonchi, vuto limakhala inki kapena chiyani? Athuwa asadzayambe zomwezi, bwana angandidye."

Alamu anawatsimikizira kuti makina wamba sangatulutse zoterozo paokha, pamafunika munthu waluso kumbuyo kwake. Mayiwo anati zikomo, mtima wawo wakhala pansi.

Nkhaniyi anatiuza Lamlungu pachakudya, nkhope ili ngwee.

"Anayang'ana, alamu! Nthawi yaitali ndithu. Anachita kuvula magalasi."

Ndinafuna kuwakumbutsa kuti mayiwo ankaona ngati ndi makina owonongeka, koma mng'ono wanga anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Novembala weniweni atafika, zinachitika monga ananenera. Kalendala zatsopano zinabwera, pa Januwale pali nyumba ija, galimoto yokha ndiyo yasintha. Koma alamu anali atakonzeka kale. M'kachikwama kawo, pambali pa zitsulo, tsopano mumakhala hamala yaing'ono ndi misomali. Amadzipereka kupachika kalendala yatsopano iwo eni, pamsomali wakewake, ndipo alembi amawayamikira kuti ndi bambo wothandiza. Yakaleyo palibe amene amaichotsa, poti kuchotsa kalendala si ntchito ya munthu aliyense muofesi.

Sabata yatha ndinapita kwa dokotala wa mano. Pakhoma panali kalendala ziwiri: ina ikuti Januwale, ina ikuti Novembala. Kunja kunali Epulo.