Mkazi wa Munthu wa Mkondo

Ine hatchi sindinaikhudzepo chibadwile. Kwathu kuno kulibe, akuti ntchentche za kuchigwa zimaipha. Koma ukwati wanga unatha chifukwa cha hatchi ya dziko la eni, imene ndinangoiona pa foni.

Amuna anga ankagwila ntchito pa famu ina kufupi ndi Lusaka, kusamala mahatchi a bwana. Kumeneko ndiye anaphunzila masewela a hatchi ndi mkondo. Munthu amathamangitsa hatchi liwilo la mtondo wadooka, mkondo uli m'manja, n'kuwelama kubaya kachikhomo kathabwa kozikidwa pansi, n'kukanyamula osaima. Atandifotokozela koyamba ndinaseka mpaka misozi. Bambo wamkulu, ndevu zake, kulimbana ndi zikhomo! Koma anali katswili, moti anawasankha kukapikisana kunja. Ine ndinali pa Nyimba ndi mwana wathu wamkazi, kugulitsa nthochi pamabasi.

Asananyamuke tinakatsazika kwao ku Luembe. Apongozi anga aakazi ananditengela kuseli kwa nkhokwe.

"Amake mwana, amuna anu anyamula mkondo. Atate awo akapita ku uzimba, ine ndinkakhala ngati wodwala, osadzola, osayendayenda, osaseka ndi mwamuna. Mkazi akapanda kudzisunga, mkondo umatembenukila mwini wake."

Ndinagwada n'kuti ndamva. Mumtima ndinati mayo ine, kodi chikhomo chasanduka njati? Nanga wogulitsa nthochi wosaseka ndi makondakitala adya chiyani? Ndinabwelela kumsika n'kumagwila ntchito yanga monga kale.

Foni inandipeza ndili ndi beseni pamutu. Anali amuna anga, ali m'chipatala cha kunjako, mawu ngati a mwana. "Amake mwana, ndadzipweteka ndekha. Kuno supita ndi hatchi yako, amachita maele. Inandigwela yaukali, yosandidziwa. Ndinachita phuma, ndinawelama msanga n'kukoka chingwe molakwika. Mkondo unazika pansi n'kundiponya." Chiuno chinathyoka. Analila, nanenso ndinalila pompo pamseu, anthu akundiyang'ana pamawindo a basi.

Anabwela pandodo ziwili, ntchito itatha. Ndani ankawasambika? Ndani ankataya chitini cha mkodzo m'mawa? Ine ndemwe. Abale awo ankangobwela kudzapukusa mitu n'kudya nkhuku zanga.

Kenaka mphekesela zinayamba. Alamu anga, achemwali awo, akuti anandiona ndikugundana manja ndi kondakitala wina, mano onse pamtunda. Zoona, ndinaseka. Anagula mkoko wathunthu wa nthochi, mumafuna ndimulilile?

Abale awo anaitanitsa ankhoswe. Tinakhala pabwalo la nyumba yathu ya lendi: amalume awo, apongozi, alamu, ndi achimwene anga amene anachokela kwathu kufupi ndi Minga. Ine ndinali nditakonzeka. Mnzawo wa timu anatumiza vidiyo, ndiye ndinaipeleka kwa amalume ndi manja awili kuti aone okha mmene ngozi inachitikila.

Amalume anaionela kawili. "Mwaona? Hatchi ikuthamanga bwinobwino, kenaka yapatuka yokha. Yaona chiyani pamene anthu sakuona kanthu?"

Apongozi anayamba kulila ngati pamalilo. Kalanga ine, umboni wanga womwe unasanduka chingwe chondimangila.

Ndinataya ulemu, ndinaimilila pamaso pa akulu. "Afunseni eni ake! Ali apa, sanafe. Atate ake mwana, auzeni zimene munandiuza pa foni."

Achimwene anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi. Amalume anatembenukila kwa amuna anga.

"Mphwanga, Luembe yonse imati uli ndi dzanja la atate ako. Tiuze. Unalakwitsa wekha?"

Ndinayang'ana amuna anga. Munthu amene ndinamupukuta msana m'mawa womwewo. Anayang'ana ndodo zawo, anayang'ana amai awo, ine ayi.

"Amalume, zaka zonsezi ine sindinagwepo pa hatchi. Chimene chinachitika sindichidziwa."

Basi. Anangonena zomwezo. Achimwene anga, munthu wa tchalitchi amene amati zamakolo n'zachabe, anangondinong'oneza kuti ndikamange katundu, tidzakambilana mitima ikazizila.

Tsopano ndili kwathu ku Petauke, ndimalima mtedza m'munda wa amai anga. Kuchigayo akazi anzanga akandiona amatsitsa mawu. Mwana wanga anabwela kusukulu akulila, anzake atamuuza kuti amake ndiwo anathyola atate ake. Ndimawawidwa mtima, ndipo sindibisa. Masiku ena ndimalephela n'kudzuka komwe.

Chaka chatha, nthawi yokolola, atate ake mwana anandiimbila foni. Ankalankhula motsitsa, ndinadziwa kuti apita kuseli kwa nyumba.

"Amake mwana, ine ndidziwa kuti ulibe mlandu. Koma undimvetse. Miyendo sigwila, ntchito ndilibe. Chimene chanditsalila n'chakuti anthu amati sindinalakwitse."

"Nanga ine chinditsalile chiyani?"

Ndinamva mawu a apongozi chapatali akufunsa kuti akulankhula ndi ndani.

"Palibe, amai," anatelo. "Munthu wangolakwitsa nambala."