Mwala wa Kumwamba ndi Dzina la Amalume

Kodi inu dzina lenileni la amalume anu mumalidziwa?

Amalume, lero aphunzitsi a sayansi anatiuza za miyala ikuluikulu imene imazungulira dzuwa pakati pa mapulaneti a Mazi ndi Jupita. Akuti munthu akatulukira mwala watsopano, akatswiri amautsata kaye mpaka atsimikize njira yake, kenaka woutulukirayo amaupatsa dzina. Atatifunsa kuti ifeyo tingautche dzina la ndani, ndinaimika dzanja, ine wosayankhula m'kalasi uja. "La malemu amalume anga." "Chabwino, dzina lawo ndani?" Ine dzinalo osalidziwa. Wina kumbuyo n'kukuwa, "Ingolembani Amalume basi, aphunzitsi!" Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

Inu amene munandikweza panjinga kuchokera ku Mtenguleni mpaka ku Chipata nditathyoka mkono, mukundinamiza njira yonse kuti tikangopitirira phiri ilo tafika. Panjira anthu ankangoti "a Jere", kunyumba "atate ake Misozi". Mwana satchula dzina la wamkulu, ndiye ine sindinafunsepo. Manyazi andigwira, amalume.

Ndilekeze kaye, amayi afika kuchokera kumsika. Ndikawafunse dzina la mlongo wawo, ngakhale ndikudziwa kuti alira.