Nkhosa za a Tuckett Zikudikira Yankho la Dokotala

Pa 14 Malichi 2023, chipatala china cha ku Sydney chinapatsa a Mervyn Tuckett mphindi zisanu ndi ziwiri zokha. Munthu wa zaka 71, woti anamung'amba pamimba milungu isanu yapitayo, anamukhazika patsogolo pa kanema m'kachipinda ka kiliniki ya kuno kuchigwa cha Hay, dokotala ali kutali kumzinda, n'kumuuza kuti pa kuopsa kwa matenda ake ali "pakati".

Dokotalayo anali mayi wooneka wotopa, ndipo anafotokoza mothamanga. Anati chotupa chimene anawachotsa ndi cha mtundu umene umatha kumeranso. Chawocho chinali m'chifu, pamene pali pabwinoko kusiyana ndi m'matumbo. Chinali chachikulu ndithu, masentimita asanu ndi awiri, koma atachiunika anapeza kuti chinkakula mwaulesi. Kunatsala funso limodzi: kodi chinatuluka chathunthu, kapena chinaphulika n'kumwaza mbewu zake m'mimba? Ngati chinaphulika, ndiye kuti ngozi ndi yaikulu, ayenera kumwa mapiritsi zaka zitatu. Ngati ayi, azingobwera kudzajambulidwa. Koma pa pepala la opaleshoni mzere umenewo sunalembedwe kanthu, ndipo amene anawang'ambayo anali wongogwirizira, anabwerera kwawo ku New Zealand.

Kenako dokotala anafunsa ngati ali ndi funso. A Tuckett anamva munthu akutsokomola pabenchi panja, akudikira kachipinda komweko, ndipo anayankha monga amayankhira mwamuna aliyense wa kuno ngakhale mwendo utathyoka: kuti zonse zili bwino, asavutike. Kumzinda anawakhulupirira! Analemba kuti wodwala wakhutira, aonanenso mu Juni.

A Tuckett analowa m'mashedi ometera nkhosa ali ndi zaka 16, akusesa pansi. Zaka makumi anayi anaima kumapeto kwa tebulo ngati wosankha ubweya. Ometa akamaliza, ubweya unkayalidwa pamaso pawo, iwo n'kuukoka ndi zala, n'kunena gulu lake. Belo la ubweya losadindidwa chizindikiro silinatulukepo m'shedi mwawo. Akakayika ankaugwiranso kachiwiri, osati kuuponya pakati kuti wina akaone yekha.

Akazi awo, a Lorraine, anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mwana wawo yekhayo ali ku Perth, amaimba foni Lamlungu, ndipo iwo amamuuza za mvula. Pakhomo patsala iwo, galu wogontha ndi nkhosa zazikazi mazana atatu.

Nkhosa zimenezi n'zimene zikuwasowetsa mtendere. Mphongo zimalowa kwa zazikazi kumayambiriro kwa Epulo, ana n'kubadwa mu Seputembala. Bambo awo anawaphunzitsa kuti munthu satsekulira mphongo ngati sadziwa kuti pobereka adzakhalapo, chifukwa nkhosa yovutika pobereka popanda mwini wake, akhwangwala amayamba ndi maso ikadali moyo. Akadziwa kuti chotupa sichinaphulike, atsekula geti. Akadziwa kuti chinaphulika, agulitsa zonse kuti ayang'anizane ndi mapiritsiwo. Juni n'kutali kwa zonse ziwiri. Mphongo zisanu ndi imodzi zili m'khola kuseri kwa shedi, zikugundana mitu.

Colleen Duffy, amene amabweretsa makalata Lachiwiri ndi Lachisanu, ndiye munthu yekhayo amene amawaona nkhope. Anawapeza atatsamira geti la kholalo, ndipo atamva nkhani yonse anawazazira osatsika n'komwe m'galimoto.

"Aneba, zaka zonsezi mukukalipira ometa, lero mwaopa kanema? Pakamwa panu munapasiya kuchipatala limodzi ndi chotupa?"

"Panali munthu panja, Colleen. Ankatsokomola."

"Ndiye mufe inu chifukwa wina watsokomola?"

A Tuckett anaseka pang'ono, msoko wa pamimba n'kuwakoka. Colleen anaponya nyuzipepala, fumbi la galimoto n'kutha, pakhomo n'kukhalanso zii.

Kuimba foni kuchipatalako a Tuckett anaimba, kanayi. Kawiri anamvera nyimbo mpaka foni inaduka. Kachitatu mtsikana waulemu anati uthenga aupereka. Kachinayi anawauza kuti mafunso otere amayankhidwa pa tsiku loonana ndi dokotala. M'chipinda cha opaleshoni munali anthu angati tsiku lija? Onsewo anali ndi maso. New Zealand nako kuli mafoni.

Lero ndi pa 30 Malichi. A Tuckett akhala patebulo la kukhitchini masana onse, tiyi atazirala, akulemba ndi zilembo zikuluzikulu zija ankalemba pa mabelo. Za galu ndi za a Lorraine azifufuta. Kalata imene Colleen anyamule mawa yatsala ndi mizere inayi:

"A Dokotala, ndinanama, zonse sizili bwino. Mufunseni amene anandigwira m'mimbayo. Chotupa chija chinaphulika kapena ayi? Ndiyankheni sabata ino."